Galimoto ya achemwali anga inafika ikununkha anyezi

Chaka chatha achemwali anga, omwe ndi namwino ku Kasungu, anagula galimoto yawo yoyamba. Inali Toyota Sienta yoyendapo kale, yoitanitsa ku Japan pa intaneti. Anasunga ndalama zaka zinayi, n'kuwonjezerapo ngongole ya ku SACCO. Tsiku lomwe inafika, tonse tinathamangira panja kukaiona. Nditatsegula chitseko cha kumbuyo, fungo la anyezi linandiwomba kumaso. Mpando umodzi unali wong'ambika, bampala ya kutsogolo itamangidwa ndi waya, ndipo makaniko atagwada pansi anati mashoko a kumbuyo atheratu. Pazithunzi zomwe ajenti anatumiza galimotoyo ili padoko la Dar es Salaam, zonsezi panalibe.

Sizinavute kudziwa chomwe chinachitika. Dalaivala yemwe anatumidwa kukaitenga anachita nayo matola njira yonse, anthu ndi matumba omwe. Achemwali analira, ine ndinapsa mtima. Koma usiku womwewo ndinakhala ndi dalaivalayo pakhonde akudya nsima, maso ali psuu. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, zoterezi bwanji?" Sanakane. Anandiwerengera ndalama yomwe anapatsidwa, n'kuchotsapo ya mafuta, ya chakudya ndi ya basi yopitira ku Dar. Yotsalayo sinkakwana ngakhale thumba la chimanga. Anali atagona maola ochepa chabe m'masiku atatu, ndipo kugonako kunali pa mpando wa galimoto, chifukwa ya chipinda chogona panalibe.

Kuyambira tsikulo maganizo anga ndi awa: kutenga galimoto padoko ndi kuifikitsa kwa mwini wake ndi ntchito ya akadaulo, koma ife Amalawi timaiyesa ganyu. Timalipira ngati ganyu, kenako n'kumadabwa tikalandira zotsatira za ganyu.

Tiyeni tione kaye kuti ulendowu ndi wotani. Dar es Salaam ndi mzinda wakale wa m'mbali mwa nyanja ya Indian Ocean. Anayamba kuumanga ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, ndipo mu 1891 Ajeremani anausandutsa likulu la dziko lomwe ankalamulira ku East Africa. Ife tinayamba kudalira kwambiri doko lake m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala. Nkhondoyo inatha mu 1992, koma njira ya kumpoto sinafe. Lero magalimoto ambiri a ku Japan omwe timawaona m'misewu yathu amatsikira ku Dar, amapatsidwa nambala ya IT yosonyeza kuti akungodutsa m'dziko la Tanzania, n'kuyamba ulendo.

Kuchoka padoko kukafika pachipata cha Songwe ndi makilomita oposa 900. Dalaivala amadutsa Chalinze ndi Morogoro, n'kulowa m'nkhalango ya Mikumi momwe nyama zimadumpha msewu. Akatero amakwera phiri la Kitonga, lokhotakhota komanso lodzaza ndi mathiraki olemera, asanafike ku Iringa ndi Makambako. Pa Uyole, pafupi ndi Mbeya, amakhotera ku Tukuyu ndi kutsetserekera ku Kasumulu. Akawoloka Songwe n'kuthana ndi za msonkho wa MRA, mapiri a Chiweta akumudikirabe pa M1. Zonsezi amachita ndi galimoto yomwe sakuidziwa, yomwe yakhala masabata ambiri m'sitima, ndipo matayala ake mwina ndi akalekale. Munthu wotereyu timamupeza bwanji? Mnzathu wina amangotiponyera nambala pa WhatsApp, ife n'kufunsa funso limodzi lokha: "Mutsitsa bwanji?"

Pajatu wamkulu anati tsoka sasimba, koma pano tsokalo timaliitana tokha. Timatha miyezi tikuyerekeza mitengo ya magalimoto, kuwerenga makilomita omwe ayenda ndi kukulitsa zithunzi kuti tione ngati penti inakalika. Koma ikafika nthawi yopereka chuma chonsecho m'manja mwa munthu, sitilemberana naye ngakhale kapepala. Sitimufunsa ngati laisensi yake ili bwino. Ambirife sitidziwanso kuti inshulansi ya third party imalipira anthu ena omwe galimoto yawavulaza kapena kuwawonongera katundu, osati galimoto yathuyo. Ikagubuduzika pa Kitonga, ngongole ya ku SACCO imatsala ili yonse.

Wina anena kuti ndikulankhula ngati mwana wasukulu yemwe sanagulepo ngakhale njinga. N'zoona, ndalama yomwe ndimaidziwa bwino ndi ya chakudya cha pamwezi. Ndikudziwanso kuti wogula amafika pa siteji imeneyi atafinyika kale: ndalama zakunja zimavuta kupeza, kwacha imagwa galimoto ili panyanja, msonkho pa boda ndi wowawa. Kukweza galimoto pa thiraki yonyamula magalimoto n'kodula kuposa kutuma dalaivala, ndipo si aliyense angakwanitse. Komatu ndalama yomwe achemwali anapulumutsa posankha wotchipa inathera kwa makaniko mwezi womwewo, n'kuwonjezanso ina. Iwowo anachita mwayi. Dalaivala wosinza sapha galimoto yokha. Amapha yekha, amapha omwe wawakweza, amaphanso mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu ku Tukuyu.

Sindikunena kuti madalaivala onse amachita matola, kapena kuti ochitawo alibe mlandu. Kukweza anyezi m'galimoto ya mwini wake ndi kuba. Alipo madalaivala okhulupirika omwe ayenda msewu umenewu zaka zambiri popanda kukanda galimoto ya munthu. Vuto n'lakuti msika wathu suwasiyanitsa ndi enawo. Wokhulupirika akatchula mtengo wokwanira kugona pabwino ndi kusiya matola, timati ndi wodula, ntchito n'kupita kwa dobadoba.

Zofunika kuchita si zachilendo. Pakhale mgwirizano wolemba, wonena mtengo, tsiku lofika, ndi yemwe adzalipire chinthu chikawonongeka. Galimoto ijambulidwe mbali zonse isananyamuke, pamodzi ndi makilomita ake, n'kuionanso ikafika. Ndalama ya malo ogona ilembedwe payokha, ndipo mwini galimoto asamaimbe foni ola lililonse kufunsa kuti "mwafika pati?", chifukwa kukakamiza kumeneko n'komwe kumayendetsa anthu usiku wonse. Ndalama ina iperekedwe galimoto ikafika bwino. Inshulansi ifunsidwe mwatsatanetsatane kuti ikuteteza chiyani.

Kwa anzanga omwe tikumaliza sukulu, nkhaniyi ikutikhudza pawiri. Ambirife timalota kuti tikangoyamba ntchito, chinthu choyamba chidzakhala ka Vitz kapena ka Mira, ndiye posachedwa ndife amene tidzakhale tikufunsa kuti "mutsitsa bwanji?" Komanso ambirife ntchito ya mu ofesi sitidzaipeza msanga. Tikuyendayenda ndi maenvulopu a CV, pomwe pali bizinesi yomwe ikusowa anthu odziwa kulemba mgwirizano, kusunga mabuku, kulankhula Chiswahili pang'ono ndi kuyankha foni mwaulemu. Gulu la achinyamata litagwirizana ndi madalaivala odziwa msewu, n'kumawalipira moyenera, makasitomala ngati achemwali anga sangasowe. Digiri siletsa munthu kugwira ntchito imeneyi. Chotiletsa ndi kunyada.

Sienta ija ikuyendabe, ndipo fungo la anyezi linatha patapita milungu ingapo. Mwezi watha mnzawo wa achemwali anaitanitsa Honda Fit, n'kupempha nambala ya dalaivala yemwe uja. Achemwali anam'patsa, koma anamuuza kuti awonjezere ndalama, alemberane pepala, ndipo amulole munthuyo kugona ku Iringa.