Asakuuzeni kuti kompyuta yanu yafa

Wailesi yathu timatsegula 5 koloko m'mawa, ndipo inu amene mumatimvera mukudziwa kuti cimene anthu amayamba kuchera khutu si nyimbo ayi, koma mauthenga a maliro. Munthu akatisiya usiku ku Domwe, abale ake a kutsidya kwa malire, ku Dedza kapena ku Lizulu, nthawi zambiri amamvera kwa ife. Foni imatha moto, mamega amatha, koma kawailesi ka mabatire kamalankhula.

Tsiku lina m'dzinja mkulu wina anabwera madzulo kudzajambulitsa uthenga wa maliro a mlongo wake. Maina a midzi ndi a acibale anali ambiri, conco tinamujambula iye mwini m'malo molemba papepala. M'mawa nditayatsa kompyuta, foda ya mauthenga inalibemo. Usiku umenewo mnzanga anali atalowetsa fulashi ya nyimbo, ndipo virusi ija mukuidziwa, yobisa mafoda n'kusiya tizithunzi tonamiza, inali itagwira nchito yake. Ndinakhala ndikudina apa ndi apo, thukuta lili kamukamu, omvera akungomva nyimbo imodzimodzi. Uthengawo unauluka masana. Abale ena anafika anthu atabwerako kale kumanda.

Tinaitana tekiniko wa ku vila. Anaformatara, tinalipira. Patapita miyezi yowerengeka, zomwezo. Anaformatara, tinalipiranso. Ulendo wacitatu anaigogoda pamwamba ngati munthu woyesa dzungu, n'kunena kuti: “Bambo, iyi yatha. Gulani yatsopano, ine ndili nazo.”

Mawu amenewa ndi amene ndikulimbana nawo m'nkhani ino, cifukwa ndawamva akunenedwa kusukulu, kuchalichi ndi m'mabungwe a alimi. Nthawi zambiri ndi bodza. Kompyuta yathuyo ikugwira nchito mpaka lero. Cimene cinali kudwala si citsulo, koma sistema imene inali m'kati mwake.

Ndifotokoze kwa amene simunazolowere. Kompyuta ikayaka pamakhala pulogalamu yaikulu imene imadzuka poyamba n'kuyang'anira zina zonse, monga kapitawo pa munda. Imeneyo ndiyo sistema operativo. Ambirife timadziwa Windows yokha, mpaka timaganiza kuti mawu akuti kompyuta ndi akuti Windows ndi amodzi. Windows ndi katundu wa kampani ya Microsoft, ndipo amagulitsidwa ndi lisensa. Palibe colakwa pamenepo, aliyense amagulitsa cake. Colakwa cili kwa ife. Tinene cilungamo, abale: m'makompyuta ambiri a kuno mulibe lisensa yogula. Muli makope akuba, othyoledwa loko ndi anthu amene sitiwadziwa, ndipo munthu wothyola loko sakonzanso citseko. Tekiniko wathu uja ankatigulitsa cinthu cimene iyenso sanagule. Ife, anthu olalikira za katangale pa wailesi m'mawa uliwonse, tinkaulutsira pa katundu wakuba.

Amene anatitsegula maso ndi mphunzitsi wina wacitsikana wa pa sekundariya. Atamva dandaulo langa anaseka nati: “Bambo, tandibwerekani malemuwo kwa ola limodzi.” Analowetsa fulashi yake, nayatsa, ndipo pa sikirini panaoneka nkhope ina imene sindinaionepo. Inali Linux, ikuyenda kucokera mu fulashi momwemo osakhudza ciliconse ca m'kati. Mafoda athu onse obisika aja anaonekera, pamodzi ndi uthenga wa mkulu uja. Virusiyo inangokhala phee ngati kafayilo wamba, pakuti inalembedwera sistema ina ndipo kuno siitha kudzuka.

Tsopano ena mwa inu mukuti: caulere n'cosalimba. Ndawamva mawuwa kwa anzanga a mu situdiyo, ndipo ndi pamene ndimapsa mtima. Kodi mbewu ya cimanga ca makolo imene agogo anu ankapacika pamwamba pa moto inali yacabe cifukwa sinacokere m'sitolo? Mbewu ya haibulidi ili ndi ubwino wake, tonse timaibzala, koma caka ciliconse umabwerera kwa wogulitsa. Ya makolo umasunga, umasankha ngala zabwino, umagawirako mnansi popanda wokufunsa risiti. Linux ndi mbewu ya mtundu waciwiriwu. Mu 1983 Richard Stallman wa ku America anayambitsa nchito ya GNU kuti pakhale mapulogalamu amene munthu aliyense angagwiritse nchito, kuphunzira mmene anapangidwira, kuwasintha ndi kuwagawa. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba mtima wa sistemayo, umene unachedwa Linux. Lisensa yake, GPL, imakulola kukopera ndi kupatsa mnzako, ndipo imalamula kuti ukasintha n'kugawa, enanso akhale ndi ufulu womwewo. Mphunzitsi uja pondikoperera fulashi sanabe kanthu.

Ndipo inu amene mukuti simudzakhudza Linux, yang'anani m'thumba mwanu. Foni iliyonse ya Android imayenda pa mtima wa Linux womwewu. Mwakhala mukuikhudza zaka zonsezi potumiza ndalama ndi kuonera mpira.

Ena amati izi ndi za azungu a kutali. Mtundu wina wochuka kwambiri wa Linux unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi Ubuntu, mawu a Cizulu ndi Cixhosa amene ife timati umunthu. Sindikunena kuti dzinalo limaipanga kukhala yathu. Ndikungoti amene anaicha ankadziwa kuti nkhani yake ndi yogawana.

Nkhaniyi yafika povuta tsopano. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inatseka cithandizo ca masiku onse ca Windows 10. Windows 11 imafuna kompyuta yokhala ndi purosesa ya zaka zaposacedwa ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0, kamene makina ambiri akale alibe. Makompyuta amene anafika m'masukulu ndi m'mabungwe athu ngati mphatso ambiri anali atagwirapo kale nchito kwina. Conco mawu aja akuti “iyi yatha” muwamva kwambiri masiku akubwerawa. Musanavomere, yesani fulashi.

Mitundu ya Linux ndi yambiri, ndipo okonda zimenezi amakangana ngati ocemerera matimu a mpira. Ine mkangano umenewo ndilibe nawo nthawi. Tinasankha Linux Mint, imene inamangidwa pa Ubuntu, ndipo tinatenga ya nkhope yopepuka yochedwa Xfce. Zifukwa zake n'zocepa. Imayenda ngakhale pa memori ya magiga 2, ngakhale kuti 4 ndiye bwino. Batani la menyu lili pansi kumanzere, pamene dzanja la aliyense linazolowera. Imalankhula Cipwitikizi. Mint 22, imene inatuluka mu 2024, idzalandira zokonza za citetezo mpaka 2029. Imabwera kale ndi LibreOffice yolembera makalata, ndipo Audacity yodulira mawu ndi VLC yoimbira nyimbo timangoonjezera popanda kulipira.

Koma cimene cinandigwira mtima kwenikweni ndi ca m'mawa, mphindi zoyamba kompyuta ikangoyaka. Kale mphindi zimenezo zinali za eni ake ena. Pankatseguka timawindo ta malonda, mapulogalamu amene sindinawaitane, macenjezo a lisensa, ine n'kumadikira ngati mlendo pakhomo pa mfumu. Lero ndikadina batani n'kupita kukayatsa transimita, pobwera ndimapeza zonse zayala mmene ndimayalira makasu anga usiku ndisanagone.

Mmene tinacitira si matsenga. M'makonzedwe a Xfce muli malo olembedwa Sessão e arranque. Mmenemo muli mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka okha. Tinayamba ndi kucotsa, osati kuwonjezera. Kompyuta yathu ilibe Bluetooth, nanga pulogalamu ya Bluetooth idzukirenji? Tinaicotsa cizindikiro, ndi zina zotero, ndipo makina anayamba kuyaka msanga. Kenako tinaikamo zitatu zokha: foda ya mauthenga a maliro kuti izitseguka yokha patsogolo pa zonse, VLC ndi mndandanda wa nyimbo za m'mawa, ndi Audacity. Poyamba VLC inkadzuka msanga kuposa kacipangizo ka mawu kopita ku mikisa, n'kukhala duu. Mphunzitsi uja anandionetsa kulemba kamzere kamodzi kouza pulogalamuyo kuti idikire masekondi 10. Ine, munthu wa sekundariya basi, wa zaka zopitirira 40, ndinalemba lamulo ndipo makina anandimvera.

Ciliconse cimene waika pa mndandandawo cimasungidwa ngati kafayilo kakang'ono ka mawu wamba, kothera ndi .desktop, mu foda yobisika yochedwa .config/autostart. Ukhoza kukatsegula n'kuwerenga ndi maso ako. Ndinakopera foda imeneyo mu fulashi, ndipo tsiku limene tinaika Mint pa kompyuta yaciwiri ya ku ofesi, ndinangoithira mmenemo, n'kukonza pang'ono pamene mafoda anasiyana. Apa mpamene ndinamvetsa mawu akuti “yotseguka”. Palibe cipinda cimene mwini nyumba saloledwa kulowamo.

Tinakonzanso kuti kompyuta ya mu situdiyo izilowa yokha popanda kufunsa senha, cifukwa magetsi akazima ndi mphezi n'kubweranso, sitifuna kuti wailesi ikhale cete podikira munthu. Mu BIOS ya makompyuta ambiri a pa tebulo muli posankha kuti makina aziyaka okha magetsi akabwerera. Zimenezo si za Linux, ndi za citsulo comwe, koma ukaziphatikiza ndi mndandanda uja, nyimbo zimabwerera pa mphepo muulutsi asanapeze n'komwe toci. Ndicenjeze: izi n'zoyenera m'cipinda cokhoma. Pa laputopu imene mumayenda nayo pa njinga yamoto musacotse senha. Ndipo ngakhale kwathu, woika pulogalamu yatsopano amafunsidwabe senha ya woyang'anira, imene tikuidziwa anthu awiri. Anyamata a pulogalamu ya acinyamata anadandaula sabata yathunthu kuti sangaikemonso magemu. Ndinawamvera cisoni pang'ono cabe.

Kenako ndinacita zanga zokondweretsa mtima. Pa sikirini ndinaika cithunzi ca phiri la Domwe cimene ndinajambula ndekha mvula itangokata. Mafoda ndinawapatsa maina a Cinyanja: Maliro, Zotayika, Ulimi, Nyimbo za kwathu. Mnzathu wacikulire amene amaulutsa pulogalamu ya miyambo, amene Cipwitikizi cimamuvuta ndipo kale ankaopa kukhudza mausi, tsopano amatsegula yekha situdiyo Lamlungu. Ndinaikanso mawu a amayi anga akuti “Mwadzuka bwanji” kuti azimveka makina akayaka. Tsiku lina ndinaiwala kutsitsa mikisa, ndipo amayi analonjera boma lonse la Angónia. Anthu anaimba foni kuyankha kuti adzuka bwino.

Wina anena kuti izi ndi zibwana, zokongoletsa cabe. Ayi. Munthu amaopa cipangizo cimene cimamulankhula ngati bwana, m'cinenero ca eni, n'kumuuza zoti acite. Akaona phiri la kwawo ndi mawu a kwawo, amakhala pa mpando n'kugwira nchito. Menyu zikadali m'Cipwitikizi, inde. Koma mapulogalamu otsegukawa amamasuliridwa ndi anthu odzipereka, ndipo khomo limenelo silinatsekedwe kwa ife. Bungwe lathu lino, limene limasindikiza timabuku m'zinenero ziwiri, lili ndi aphunzitsi odziwa Cinyanja ndi Cipwitikizi bwino kuposa ine. Tikudikira ndani kuti adzatimasulire mawu akuti “tsegula” ndi “sunga”?

Sindikubisirani zovuta. Kukopera Mint pa intaneti kumadya pafupifupi magiga 3, ndipo kuno mamega si masewera. Yankho lake ndi lakuti munthu mmodzi akopere, fulashi iyende mudzi ndi mudzi. Pulinta yathu yakale inativuta masiku awiri. Kalata yolembedwa mu Word nthawi zina imasuntha mizere ukaitsegula mu LibreOffice, conco zopita ku maofesi timatumiza ngati PDF. Ngati nchito yanu imadalira pulogalamu imene imayenda pa Windows pokha, khalani pomwepo, koma gulani lisensa yeniyeni. Ndipo fulashi ya virusi, ngakhale siipweteka Linux, imanyamulabe matendawo kupita kwa mnzanu ngati simunawafufute. Musanaike sistema yatsopano, koperani zithunzi ndi makalata anu kwina, cifukwa kuika kumafufuta zonse mukasankha molakwa.

Kwa inu matekiniko, sindikufuna kukulandani nsima. Kuika Linux, kukonza mndandanda wa m'mawa molingana ndi nchito ya sukulu kapena ya cipatala, kuphunzitsa mlembi wa bungwe, zonsezo ndi nchito yoyenera malipiro, ndipo ine ndilipira mosangalala. Cimene ndikukana ndi kulipira katatu matenda amodzi, kenako n'kuuzidwa kuti wodwalayo wafa pamene wonenayo ali ndi bokosi logulitsa.

Kwa inu akuluakulu a sukulu ndi a mabungwe amene muli ndi makompyuta ounjikidwa m'cipinda ca makasu, ofunditsidwa nsalu: ena mwa iwo anapsadi, sindikana. Koma simungadziwe musanayese, ndipo kuyesa ndi fulashi sikufufuta kanthu. Yanga ili pa cingwe ca makiyi a situdiyo. Ndimatsika pa mphepo 9 koloko m'mawa, ndipo Loweruka ndimakhalapo mpaka masana. Bwerani ndi fulashi ya magiga 4 kapena kuposa, yopanda kanthu.