Phungu waulesi tim'mane malipiro? America idayesapo

Funsani aliyense mu minibasi kuti phungu wokana kukambirana bajeti timutani, yankho ndi limodzi: asalandire ngakhale tambala. Nanenso mtima umandiuza choncho. Koma taonani zimene zidachitika ku America mu 2013 musanaombe m'manja.

Nyumba ya Senate idatha zaka pafupifupi 4, kuchokera mu 2009, osavomereza ndondomeko ya bajeti. Anthu adatopa nazo. Ndiye Congress idapanga lamulo lotchedwa No Budget, No Pay Act, limene Barack Obama adasaina mu February 2013. Lamulolo lidalola boma kupitiriza kukongola mpaka mu May, koma lidatinso nyumba imene siivomereza bajeti pofika 15 April, malipiro a aphungu ake atsekeredwe. Si ndalama yamasewera: madola 174,000 pachaka munthu mmodzi.

Vuto nlakuti malamulo oyendetsera dzikolo ali ndi ndime yowonjezera ya nambala 27, imene imaletsa lamulo lililonse losintha malipiro a aphungu kuyamba kugwira ntchito chisankho china chisanachitike. Ndimeyi adailemba ndi James Madison mu 1789 ndipo idangogona m'mafayilo zaka zoposa 200. Adaidzutsa ndi mwana wasukulu, Gregory Watson wa pa University of Texas, amene mu 1982 adalemba nkhani yakuti ndimeyi ikadali yamoyo. Mphunzitsi adam'patsa C. Mnyamatayo sadagwe ulesi, adayamba kulembera makalata aphungu a m'zigawo mpaka ndimeyo idavomerezedwa mu May 1992. Inu a ku koleji amene mukulira ndi C, mwamva?

Olemba lamulo la 2013 ankaidziwa ndimeyi, nchifukwa chake adachenjera. Adati sitikudula malipiro ayi, tikungowasunga. Phungu adzalandira zonse bajeti ikadutsa, kapena nthawi ya Congress imeneyo ikatha. Kuchedwetsa, iwo adatero, si kusintha.

Apa ndiye ndikukana. Mayi wogulitsa kaunjika akudziwa bwino kuti kasitomala wolipira lero ndi wolipira chaka chamawa sadalipire mtengo umodzi. Lendi siidikira, sukulu fizi siidikira. Ukandichedwetsera malipiro miyezi 20 wawasintha basi, kaya dzina ulipatse lotani. Ndipo ndimeyo imakamba za kusintha, osati kukweza kokha.

Ena ati Madison ankaopa aphungu odzikwezera malipiro, osati odzilanga. Nzoona, ndipo mfundoyi ili ndi mphamvu. Koma chikwapu chotere chimapweteka ndani? Phungu wa mamiliyoni sangamve kanthu, angathe kudikira mpaka kalekale. Amene agonje msanga ndi uja wodalira malipiro, avomereze bajeti imene akuikana mumtima kuti ana adye. Mawa chipani chachikulu chidzagwiritsa ntchito chingwe chomwecho kukhwimitsa pakhosi otsutsa pa nkhani ina iliyonse. Ife amene tidaona bajeti ya 2007 ikugwidwa chikole kwa miyezi chifukwa cha mkangano wa Gawo 65 tikudziwa mmene andale amasandutsira ndalama kukhala chida.

Khoti silidagamulepo, chifukwa nyumba zonse ziwiri zidavomereza bajeti zawo mu March 2013, ya Senate idadutsa ndi mavoti 50 kwa 49. Nyumbazo sizidagwirizane pa bajeti imodzi, ndipo mu October boma lidatseka maofesi masiku 16. Lidatsekanso masiku 35 kuyambira mu December 2018, antchito pafupifupi 800,000 osalandira kanthu, kenaka masiku 43 mu 2025. Nthawi zonsezi malipiro a aphungu ankatuluka.

Zimenezi zimanyansa, sindikubisa. Koma njira yosaphwanya ndime ya 27 ilipo, ndipo njapafupi: apange lamulo lodula malipiro lero, liyambe kugwira ntchito chisankho chikadutsa. Ku House of Representatives amavota zaka 2 zilizonse, choncho kudikirako nkochepa. Aphungu ambiri amapambananso zisankho, ndiye chikwapucho chingadzagwere iwo omwe. Mwina nchifukwa chake mu 2013 adasankha lamulo la chaka chimodzi.