Ligi ikatseka, wosewera adye chiyani?

Mvula ikagwa kawiri katatu, mabwalo a mpira akumudzi amasanduka msipu. Yendani m'masukulu a pakati pa Chileka ndi Lirangwe mu Januwale mukaone. Mizere imene atsikana analemba ndi phulusa inakokoloka kale, udzu wafika m'mawondo, ndipo pa mtengo wa bulugamu wokhala ndi mkombero wa ntchemberembaye wina wamangirirapo mbuzi yake. M'tauni namonso ligi zimakhala zatseka. Makochi ali kalikiliki kusaka osewera atsopano, ife olemba nkhani tili pa mphekesera za yemwe akusamukira timu ina.

Za kumene mtsikana wosewerayo amakhala miyezi imeneyi, ndi chimene amadya, palibe amafunsa.

Vuto ndi lakuti mpira wathu umapuma pa nthawi yowawitsa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi miyezi ya njala. Nkhokwe zagona, chimanga chakwera mtengo pamsika, fizi ya teremu yachiwiri ikufunika, feteleza wobereketsa akufunikanso. Atsikana ambiri a mpira wamanja ndi wamiyendo alibe malipiro a pamwezi. Amadalira ya thiransipoti ndi kabonasi akapambana gemu. Gemu ikatha, kandalamako nakonso katha. Ndiye musadabwe kuti mtsikana amene mu Okutobala anthu amamuimbira m'manja pabwalo, mu Januwale mumupeza pa msewu wa M1 pa Lirangwe, beseni la mango lili pamutu, akuthamangira minibasi iliyonse imene yaima. Liwiro lake ndi lomwe lija, kungoti tsopano akupikisana ndi amayi anzake ofuna kufika pawindo msanga. Mnzake ali pa ganyu yopalira m'munda mwa eni, nsapato zosewerera zili mu jumbo kuseri kwa chitseko.

Kugulitsa mango si manyazi, ndipo khasu silinaphe munthu. Chimene chimandipweteka ndi chakuti ligi ikamatsegulanso, timu imabwerera yoperewera. Woponya zigoli uja anakwatiwa pa Khirisimasi, mwamuna wake sakufuna kumva za kabudula. Wotchinga kumbuyo ali ndi pakati. Wina anapita kukagwira ntchito yapakhomo ku Chilomoni, wina anakwera basi ya ku Joni. Kochi amangopukusa mutu, n'kupita ku pulayimale kukatola ana ena oti ayambe nawo kuphunzitsa kugwira mpira. Chaka chilichonse kuyambiranso pachiyambi. Mnyamata akakwatira amapitiriza kusewera, mkazi wake n'kumamuchemerera panja pa bwalo. Mtsikana akakwatiwa, nthawi zambiri mpira wathera pomwepo.

Zikho za andale sindizitchula n'komwe. Zimabwera ndi chisankho, ndi mayunifolomu a mtundu wa chipani, ndipo mavoti akawerengedwa zimazimirira.

Onani matimu amene amakhalitsa pamwamba pa ntchemberembaye. Blue Eagles Sisters ndi timu ya apolisi. Wosewera amene ndi wapolisi amalandira malipiro ake pakutha pa mwezi, kaya kuli gemu kaya kulibe. Mu Febuluwale amadya, amathamanga m'mawa, akadwala amapita kuchipatala. Sikuti luso linabadwira ku likulu la apolisi ku Area 30 kokha. Ku Lunzu, ku Mdeka ndi ku Chileka liliko lambiri, koma luso lopanda chakudya cha mu dzinja silifika mu Epulo.

Ngakhale kwa anzathu olemera nkhondo yake inali yomweyi. Ku Canada ndi ku America kuli masewera a hockey amene amaseweredwa pa madzi oundana. Akazi akumeneko anatenga mamendulo a golide a Olympics kwa zaka zambiri, koma ligi zawo zinkagwa, ndipo ambiri ankagwira ntchito zina kuti apeze chakudya. Ligi ya ku Canada itagwa mu 2019, osewera odziwika anakana kulowa ligi ina iliyonse kufikira patakhala malipiro enieni. Ligi yatsopano ya PWHL inayamba mu Januwale 2024 ndi matimu 6, koma gemu yoyamba isanaseweredwe anali atasainirana kale mgwirizano wa zaka 8, wonena kuti wosewera asalandire zochepera madola 35,000 pachaka. Anayamba ndi pepala la malipiro, chikho chinabwera pambuyo.

Ifenso tili ndi mboni yathu. Mwawi Kumwenda, katswiri wa ntchemberembaye, anavulala bondo koopsa mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, mpaka sanapite ku World Cup ya 2019. Timu yake sinamutaye. Anachira, anabwerera, ndipo mu 2020 Vixens itatenga chikho, iye ndiye anasankhidwa kuti wasewera bwino kuposa onse mu gemu yomaliza. Bondo lomwelo likanathyokera pa bwalo lafumbi la ku Lirangwe, bwenzi anzake atasonkherana ya kabaza, n'kumusiya pakhomo pa mayi ake.

Lamulo liliponso. Kuyambira 2021, FIFA inalamula kuti wosewera mpira wamiyendo akakhala woyembekezera apatsidwe tchuthi cha masabata osachepera 14, akulandira magawo awiri mwa atatu a malipiro ake, ndipo timu isamuchotse chifukwa cha mimbayo. Lamulo labwino ndithu. Koma limateteza munthu amene ali ndi kontirakiti ndi malipiro. Magawo awiri mwa atatu a chinthu chimene kulibe ndi angati?

Sindikunena kuti palibe chasintha. Scorchers, timu ya dziko ya mpira wamiyendo wa amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, mkulu wake Tabitha ali ku Lyon. Mu 2025 National Bank inaika ndalama mu ligi ya dziko lonse ya mpira wa amayi, ndipo chaka chomwecho Scorchers inagonjetsa Angola n'kudzigulira malo ku mpikisano wa Africa koyamba m'mbiri yathu. Makolo amene kale ankakalipira mwana wamkazi akamenya chikulunga, lero amatchula dzina la Temwa akamaona ndege ikunyamuka pa Chileka.

Ndiye poti ndalama zayamba kulowa, tiyeni tione kumene zikugwera. Zambiri zimaikidwa pa tsiku la chikho: cheke chachikulu cha katoni, zithunzi, malankhulidwe. Ine ndikanakonda kuti timu iliyonse yofuna chilolezo cholowa ligi yaikulu ionetse makontirakiti a miyezi 12, ngakhale ndalama yake ikhale yochepa, bola ifike m'manja mwa wosewera mu Januwale ndi Febuluwale. Kampani yothandiza ligi ipatule gawo la ndalama zake kuti likhale la miyezi imeneyi, ngakhale kuti kulibe kamera.

Bungwe la mpira wamiyendo la FAM komanso la Netball Association of Malawi ali ndi mayina a osewera onse amene analembetsa chaka chatha. Ligi zikamatsegula, atiwerengere kuti mwa atsikana amene anamaliza mu Disembala abwerera angati, ndipo enawo ali kuti.