Anaiwala Kuti Mangochi Amayenda pa Njinga

Aliyense amene anaimapo pa mlatho wa Bakili Muluzi m'mamawa akudziwa kuti Mangochi amayenda ndi miyendo ndi njinga. Akabaza onyamula amayi opita kumsika, njinga zosenza madengu a usipa ndi matumba a makala, ana a sukulu, odwala olunjika kuchipatala cha boma: khamu limeneli limaposa magalimoto kutalitali. Komabe msewu ukamamangidwa, woyamba kuganiziridwa ndi mwini galimoto, ndipo woyenda pansi amatola zotsala.

Pa pepala zinthu zili bwino. Ndondomeko ya dziko lino ya zamtengatenga, ya zaka za 2017 mpaka 2037, imavomereza kuti Amalawi ambiri amayenda pansi kapena pa njinga, ndipo imati apatsidwe malo awoawo pamsewu. Tikufunsa tsono: kuchokera ku Boma kukafika ku Mpondasi, ndi poti pamene mwana wochokera ku madrasa madzulo angayende mtunda wonse popanda kuthawira m'ngalande lole ikamadutsa?

Msewu wa Liwonde–Mangochi unakonzedwa ndi ngongole ya African Development Bank, ndipo sitikana kuti ulendo unafupika. Koma phula losalala limaitana liwiro. Kamzere ka penti kam'mphepete sikaletsa galimoto; minibasi imaima pomwepo kukweza anthu, wamalonda amayala tomato wake pomwepo, ndipo wanjinga, posowa podzera, amalowa pakati pa msewu. Njira ya oyenda pansi yoona imakhala yokwera, yotchingidwa ndi konkire, ndipo ngalande yake imavundikiridwa. Njira yotereyi imadya ndalama, n'chifukwa chake imakhala yoyamba kudulidwa. Mtengo wa simenti ukakwera, monga zinachitikira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe wamkulu amene amalola kufupikitsa phula, pakuti phula ndi limene limaoneka pa tsiku lodula riboni. Zimene zimasowa mwakachetechete ndi nyali, malo owolokera ndi njira yathu ija.

Ngozi ikachitika, chala chimaloza wakabaza: alibe laisensi, sadziwa malamulo. Ena mwa iwo amayendadi mosasamala, ndipo timawadzudzula. Koma bungwe la WHO limati oposa theka la anthu ofa pa ngozi zapamsewu padziko lonse ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. Kodi onsewo ndi osamva? Munthu amene sanapatsidwe njira sangaimbidwe mlandu woyenda m'njira ya mnzake.

Asatiuzenso kuti msewu ndi wa amene amaulipira. Msonkho wa pa mafuta umene umapita ku Roads Fund Administration, ndi ndalama za pa chipata cha Chingeni, mwini lole amaziwonjezera pa mtengo wa sopo ndi feteleza. Mayi wopanda ngakhale njinga amalipira msewu umenewu tsiku lililonse, ndipo ngongole ija adzabweza ndi ana ake.

Msewu wa ku Makanjira tauyembekezera kuyambira tili ana. Pa umenewo, ndi pa msewu uliwonse wa m'tauni muno, a Roads Authority ndi a khonsolo apachike zojambula za ntchitoyo poyera, mafumu ndi makomiti a sukulu aone pamene pali malo owolokera, kenaka awerenge ngati amangidwadi kontrakitala asanalandire ndalama zomaliza.