Mpando wa kutsogolo m'ndege, walipira ndani?

Aliyense amene amakwera minibasi pa msewu wa Lilongwe-Mchinji akudziwa kuti mpando wa kutsogolo uli ndi eni ake. Kondakitala amausungira kasitomala wake wa tsiku ndi tsiku, monga mayi wa geni amene amakwerera pa Waliranji kupita kukaoda katundu ku tauni. Palibe amene amadandaula kwenikweni, poti mayiyo amalipira kuchokera m'thumba mwake.

Makampani a ndege nawo amachita chimodzimodzi, kungoti iwo anachilemba m'malamulo. Kampani ya American Airlines inayambitsa ndondomeko yake ya AAdvantage m'chaka cha 1981, ndipo ena ambiri anatsatira. Munthu akamakwera pafupipafupi amaunjika mamailosi pa khadi lake. Khadi la ShebaMiles la Ethiopian Airlines, mwachitsanzo, lili ndi magiredi monga Silver, Gold ndi Platinum. Tsono mipando ya anthu wamba ikadzadza pomwe ya kutsogolo ilipo yotsala, kompyuta imasanja maina. Imayang'ana giredi ya khadi, mtengo wa tikiti, ndipo ena amawerengeranso nthawi imene munthu anaonetsa tikiti yake. Kalaliki wa pa geti amangoitana dzina limene lili pamwamba.

Ife sitikuimba mlandu makampaniwa. Ndi malonda, ndipo lamulo lawo ndi lodziwika kwa aliyense. Zikusiyana ndi khadi lija la Kongeresi, limene anyamata a Youth League ankatifunsa pa khomo la basi ndi pa chipata cha msika m'nthawi ya chipani chimodzi. Khadi lija linali lokakamiza, ndipo tinalikana pa riferendamu ya pa 14 June 1993.

Koma a Malawi anzathu, tiyeni tiime pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi ndi kuona amene amaitanidwa kutsogolo. Alipo a bizinesi amene amalipira okha, amenewo tiwasiye. Koma mwa anthu amene amakwera ndege mwezi ndi mwezi m'dziko losauka ngati lino muli nduna, alembi akuluakulu a maunduna, aphungu ndi mabwana a makampani a boma. Tikiti zawo zimagulidwa ndi ndalama za msonkho. Pomwe mamailosi, mwa lamulo la makampani a ndege, amalembedwa m'dzina la wokwera osati la wolipira. Ndiye kuti bwana akapita ku msonkhano ku Addis Ababa kapena ku Geneva, amabwerako ndi alawansi, ndi mamailosi, ndi giredi yokwera pa khadi lake. Tsiku lina akamapita ku tchuthi, mpando wa wofuwofu umamudikira.

Walipira ndani? Pitani kwa Mavwere mukaone. Mlimi wa kumeneko amafesa fodya ku dimba dzuwa likuswa mtengo, amasoka, amadinda mabelo, ndipo fodya wakeyo ndi amene amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja zimene dziko lino limapeza. Madola ogulira tikiti za mabwana amachokera m'chigafa mwake. Akagula sopo kapena malata amadulidwa msonkho. Koma iye ndege amangoiona ili m'mwamba, ndipo akafuna kupita ku chipatala cha pa boma ku Mchinji amakwera kabaza kukafika ku msewu wa tala.

Kuipa kwa nkhaniyi n'kwakuti imapatsa munthu chifukwa chokondera ulendo. Pamene ulendo uliwonse ukuonjezera phindu la iye mwini, msonkhano wosafunika umasanduka wofunika. Boma lenilenilo linavomereza kuti maulendo akuwononga chuma. Mu November 2023, ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, Pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma, ndi ake omwe, mpaka March 2024. Koma chiletso cha miyezi inayi sichichiza matenda a zaka makumi.

Ena anena kuti iyi ndi nkhani yaing'ono. Ku Germany sanaione choncho. M'chaka cha 2002, andale Gregor Gysi ndi Cem Özdemir anatula pansi maudindo awo zitaululika kuti mamailosi a maulendo a ntchito anawagwiritsa pa maulendo a iwo eni. Dziko lolemera chotero linawerengera mamailosi. Nanga ife amene tinatseka Air Malawi mu 2013 kamba ka ngongole, n'kupereka magawo 49 pa 100 a kampani yatsopano kwa Ethiopian Airlines, tinalemera liti?

Pempho lathu ku Nyumba ya Malamulo ndi ili. Mamailosi onse ochokera ku tikiti zogulidwa ndi msonkho akhale katundu wa boma. Agwiritsidwe ntchito pochepetsa mtengo wa maulendo ena a boma, kapena potumiza odwala amene madokotala athu alamula kuti akathandizidwe kunja. Ndipo chaka chilichonse unduna uliwonse uzifalitsa maina a amene anayenda, kumene anapita ndi ndalama zimene anawononga.

Pa 6 April 1992, Chakufwa Chihana anatsika ndege pa bwalo lomweli la Kamuzu n'kumangidwa chifukwa chofuna kuti olamulira aziyankha kwa olamulidwa. Kufunsa za tikiti ndi mamailosi ndi gawo la ntchito yomweyo. Inu aphungu a ku Mchinji, anthu a kwa Mavwere anakutumani. Kafunseni funsoli m'Nyumbamo.