Makina amene sitingakonze tokha tiwakane

Kuyambira 2022, pamene maphunziro anakhala aulere ndipo CDF inakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, nchito ya madesiki, zitseko ndi zikwangwani yaculuka ku Katete, Sinda ndi Vubwi. N'cifukwa cake acinyamata tayamba kukamba za CNC, makina odula ndi kusema mapulanga molamulidwa ndi kompyuta. Koma pali uphungu umene tikuukana: wakuti kalabu ikapata ndalama igule makina otsekeratu, okhala ndi pulogalamu yakeyake imene wogulitsa yekha ndiye aidziwa.

Tiyambe ndi cilankhulo. Makina ambiri a CNC amamva G-code. Mukalemba G0 X50 Y20, mpeni uthamangira pamalo amenewo. Mukalemba G1, uyenda modula pa liwiro limene mwaika. Aliyense amene anaphunzira magirafu ku sekondale angazimve. Pulogalamu ya GRBL, imene ndi yaulere, imakhala mu kabodi ka Arduino Uno ndi kulandira G-code kudzera pa USB, ngakhale kucokera pa laputopu yakale. Mach3 ifuna Windows ndi laisensi ya madola. LinuxCNC ndi yaulere, koma ifuna kompyuta yakeyake. Woyamba kumene ayambire pa GRBL, pakuti G-code imene aphunzire pamenepo idzam'thandizanso pa makina akulu a ku Lusaka kapena ku Kitwe.

Tsopano madraiva. Mota ya stepper iyenda masitepe 200 kuti izungulire kamodzi, ndipo draiva ndiyo imaipimira mphamvu pa sitepe iliyonse. A4988 ipirira pafupifupi ampu imodzi popanda coziziritsa, DRV8825 pafupifupi imodzi ndi hafu. Izi zikwanira pa mota yaing'ono ya NEMA 17, yolembera maina pa cikwangwani. Koma ofuna kusema mukwa ndi mota ya NEMA 23 asadzinamize ndi kuchipa. Mu kutentha kwa Okutobala, utuci uli mbwee, kadraiva kotere kadzatentha, mota idzadumpha masitepe, pulanga lodula lionongeke. Apa pafunika DM542, imene ifika pa 4.2 ampu. Ndipo musazule waya wa mota malaiti ali oyaka, cifukwa draiva imapsa pomwepo.

Ubwino wa madraiva ogula padera ndi wakuti imodzi ikapsa, muicotsa n'kuikapo ina tsiku lomwelo. Bodi yotsekeratu ikapsa, makina onse agona mpaka katundu abwere kucokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, mwinanso ku China. Mnyamata wa ku Vubwi amene walandira kale dipoziti ya kasitomala adzamuuza ciani?

Tisaiwalenso 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Mota ya stepper siikumbukira pamene inali malaiti akapita. Ikani tumaswici kumapeto kwa njanji iliyonse, ndipo lamulo la $H mu GRBL lidzabweza makina poyambira kuti nchito ipitirire. Madraiva amadya DC, conco mabatire a sola a 24V angawayendetse, ngakhale rauta yodulira idzafunabe invata.

Otsutsa akuti makina omanga tokha ndi ocedwa ndipo sangadule citsulo colimba. Zoona. Koma amene amabwera ku mashopu athu afuna zitseko zamaluwa, zikwangwani za macalici ndi misana ya mipando, ndipo zonsezi ndi zamatabwa.

Conco, anzathu, musanasaine pepala la kalabu yanu, funsani wogulitsa mafunso atatu. Kodi makinawa amamva G-code wamba? Kodi draiva imodzi ingasinthidwe payokha? Kodi sipeya ipezeka m'Zambia muno? Akayamba kuzungulirazungulira, nyamulani ndalama zanu mubwerere nazo.