Pepala Loyera Si Ulesi, Achimwene

Okondedwa Achimwene,

Kuno ku London tili bwino, kungoti chisanu chayamba ndipo kukumada msanga. Ntchito ikuyenda.

Dandaulo lanu pa nkhani ya mwana wathu wamkaziyu ndalimva. Mwati kukoleji anamupatsa pulojekiti yomaliza, yoti apange chinthu chakechake cha luso, koma patha milungu itatu pepala likadali loyera. Mwati amangozungulira mumsika ndi kabuku m'manja, akabwerako n'kumavutitsa agogo ake ndi mafunso. Ndipo mwafunsa kuti bwanji osangotsegula foni, kusankha chithunzi chokongola pa intaneti, kuchijambula, nkhani n'kutha, poti fizi tinalipira kale. Pa fiziyo nanenso ndinasonkhapo, choncho mundilole ndiyankhulepo. Ine ndikuona kuti mwanayu wagwira njira yabwino. Njira ya pafoniyo ndi imene ingatitayitse ndalama.

Ndiyambe ndi munthu wakwathu komweko. Samson Kambalu anabadwira ku Malawi mu 1975, anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College, kenako anabwera kuno ndipo anafika pokhala pulofesa wa zaluso ku Oxford. Pakati pa London pali bwalo lotchedwa Trafalgar Square. Pabwaloli pali nsanja ya miyala imene anaimanga mu 1841 kuti aikepo chiboliboli, koma ndalama zinatha ndipo inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira mu 1999 akhala akuikapo ntchito za aluso mosinthanasinthana. Kuchokera mu September 2022 mpaka mu 2024, pansanjapo panaima ntchito ya Kambalu yotchedwa Antelope.

Nzeru yake anaitenga pa chithunzi chimodzi chakale cha mu 1914. Pachithunzipo pali Abusa John Chilembwe ataima ndi mmishonale wachizungu John Chorley pafupi ndi tchalitchi chatsopano cha ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Nkhope ya Chilembwe tonse timaidziwa. Timaigwira pa K500 ndi pa K2000, ndipo pa 15 January timapuma pomukumbukira. Koma Kambalu anayang'anitsitsa chinthu chimene ambirife tikanangochidutsa: Chilembwe wavala chipewa, mzungu ali pambali pake. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Sinali nkhani yaing'ono ayi, chifukwa boma la atsamunda litafufuza chimene chinayambitsa kuukira kwa mu 1915, mboni zingapo zinadandaula za chipewa chomwechi. Kambalu anawaumba anthu awiriwa zipewa zili kumutu, koma Chilembwe anamukulitsa pafupifupi kawiri kuposa mnzakeyo, kuti wodutsa aliyense adzifunse kuti kodi wamkulu ndani m'mbiri imeneyi. Dzina loti Antelope nalonso lili ndi mizu kwathu, pa kasiyamaliro wa gule wamkulu.

Onani bwino, achimwene. Chithunzicho chinalipo zaka zoposa 100, ndipo anthu ambiri anachiona. Chimene chinkasowa ndi munthu woti akhale nacho pansi mpaka aone chipewa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukanamupeza Kambalu tsiku limene ankayang'ana chithunzicho, mwina mukanati nayenso akungotaya nthawi.

Sikuti anayambira pansanja ya ku London. Ntchito imene inayamba kumutchukitsa, cha mu 2000, inali mpira wamiyendo umene anaumata masamba a Baibulo, n'kuutcha Holy Ball. Ena anakondwa nawo, ena anaipidwa nawo, ndipo ndikudziwa kuti inu monga mkulu wa mpingo mukanagwedeza mutu. Koma taonani kumene zipangizo zake zinachokera. Mpira ndi Baibulo ndi zinthu ziwiri zimene mnyamata aliyense wakwathu amakula nazo, china Loweruka, china Lamulungu. Iye anangoziphatikiza, anthu n'kuyamba kutsutsana za chimene timalemekeza ndi chimene timamenya ndi phazi.

Wina ndi El Anatsui, wa ku Ghana, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya ku Nsukka ku Nigeria. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anatola thumba la zitsekerero za mabotolo a mowa zimene wina anataya. Sanadziwe nthawi yomweyo choti achite nazo. Kenako anayamba kuziphwatalitsa, kuziboola, n'kuzilumikiza ndi waya wa kopa, mpaka zinakhala ngati chinsalu chachikulu chonyezimira chotha kuphimba khoma lonse. Mu 2023 ntchito yake inapachikidwa m'holo yaikulu ya Tate Modern kuno ku London. Munthu ukaima patali umaona ngati nsalu yachifumu. Ukayandikira umawerenga mayina a mowa pa tizitsulo timeneti, n'kukumbukira kuti mowa unali umodzi mwa katundu amene azungu ankabwera naye kugombe la Africa pa nthawi ya malonda a akapolo. Zonsezo zinayambira padzala.

Ndiye mukamuona mwanayu ataima pa ogulitsa usipa, kapena akuyang'ana mmene wokhoma zidebe akupindira lata, musamuyese wosokonekera. Kumsika n'kumene kuli dzala lake.

Sindikunena kuti foni ndi mdani. Pa intaneti angaone ntchito za Kambalu ndi Anatsui popanda kulipira ndege, zimene ife pa msinkhu wake sitikanazilota. Vuto ndi lakuti Pinterest ndi Instagram zimakuonetsa zinthu zomalizidwa kale, zopukutidwa bwino, ndipo ukakonda chimodzi zimakubweretsera zina zofanana nacho. Mwana akakhala pamenepo maola atatu amadzuka mtima utagwa, akuganiza kuti zabwino zonse anzake anapanga kale. Akakopera, dziwani kuti mnzake wa m'kalasi ali ndi foni ngati yomweyo, ndipo mphunzitsi wake nayenso ali nayo. Masiku ano kulinso mapulogalamu a AI oti ukangolemba mawu ochepa amakutulutsira chithunzi. Koma pa maphunziro a zaluso sayang'ana chomalizidwa chokha. Amafuna aone kabuku kojambulamo, zimene unayesa n'kulephera, ndi mmene ganizo linakulira kuchoka pa tsamba loyamba. Amakuimikanso kutsogolo kuti ufotokoze chifukwa chake unasankha chimenechi osati china. Wokopera amagwidwa pamenepo, chifukwa alibe yankho. Kabuku kamene mukukaona ngati kachabechabe kaja ndi mbali ya mayeso.

Palinso msampha wina umene ndikuuopa kuposa foni. Mwana akauzidwa kuti ayang'ane zakwawo, kawirikawiri amathamangira kujambula dzuwa likulowa panyanja, msodzi ali m'bwato, mayi atasenza mtsuko mwana ali kumbuyo, ndi mlambe pambali. Zithunzi zimenezo timaziona paliponse pamene pamaima alendo odzaona dziko, ndipo anyamata ozigulitsa sindikuwanyoza, akudyetsa mabanja awo. Koma kumeneko n'kukoperanso, kungoti ukukopera Malawi amene mlendo akufuna kugula. Amayi athu sasenza mtsuko masiku ano, amasenza chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, ndipo chili ndi chigamba chimene anamata ndi pulasitiki wosungunula. Mwana amene angaone chigambacho waona chinthu chimene palibe wina angachipeze pa intaneti. Chimodzimodzinso gule wamkulu. Asangojambula chigoba chifukwa choti chimakopa maso. Ngati mtima wake uli kumeneko, apite ku Mua akaone zimene a Kungoni anasonkhanitsa, afunse eni ake mwaulemu, ndipo adziwe kuti za kudambwe zina sazitulutsa.

Pa chinthu chimodzi ndikugwirizana nanu. Tsiku lopereka ntchito silisuntha, ndipo kuyendayenda pakokha sikubala kanthu. Anatsui akanangolisirira thumba lija osatenga hamala, bwenzi lero zili zinyalala. Ganizo silibwera lathunthu kuti kenako manja atsatire. Nthawi zambiri manja ndi amene amayamba, ganizo n'kubwera pambuyo. Choncho funso loti mumufunse madzulo si lakuti, kodi wapeza chojambula? Funso limenelo limangomuwonjezera mantha. Mufunseni kuti, lero wajambula masamba angati, tione? Ngati tsiku lililonse akudzaza masamba atatu kapena anayi, ngakhale ndi zinthu zooneka zosalongosoka, musadandaule. Pakatha milungu iwiri ayale masamba onsewo pamkeka. Adzaona kuti pali chinthu chimodzi chimene dzanja lake likubwererako mobwerezabwereza, kaya ndi manja a anthu, kaya zigamba, kaya zikwangwani za maminibasi. Pulojekiti yake ndi imeneyo. Koma ngati kabukuko n'koyera ngati pepala lija, pamenepo mukalipeni ndithu, ndipo ine ndidzakuthandizani pa foni.

Inunso muli ndi gawo lanu. M'chipinda mwanu muli sutikesi ya malemu bambo, ija anabwera nayo kuchokera ku Joni. Muli zithunzi, makalata amene ankalembera amayi, ndi mapepala awo a ku mgodi. Ife timaisunga ngati chinthu chosakhudzidwa, ndipo njenjete zokha ndi zimene zikuwerenga makalatawo. Mutsegulireni mwanayu. Musamusankhire choti atenge, ndipo musamufotokozere zonse nthawi imodzi. Mwina sadzasamala za zithunzizo n'komwe, n'kukopeka ndi chingwe chimene anamangira makalata. Msiyeni. Ndipo agogo ake akamayankha mafunso aja musawadule, chifukwa zimene akudziwa za mmene ankaumbira mbiya ndi kumene ankakumba dothi lake sizinalembedwe m'buku lililonse, ndipo zaka zawo mukuzidziwa.

Ndikudziwa chimene chili pansi pa dandaulo lanu. Mumafuna akanaphunzira unamwino kapena za maakaunti, ndipo mukuopa kuti adzamaliza n'kukhala pakhomo. Mantha amenewo ndi oona, luso kwathu sililipira msanga. Koma poti analowa kale m'njira imeneyi, chimene chingadzamudyetse ndi diso lakelake. Wodziwa kukopera yekha sadzasowa wopikisana naye, ndipo makina akukopera mwachangu ndiponso motchipa kuposa munthu.

Mwezi ukatha nditumiza kangachepe. Pa ndalamayo mupatuleko ya mapensulo, penti ndi kabuku kena, chifukwa kamene ali nakoko ndikufuna kadzaze msanga. Akayala masamba aja pamkeka mundijambulire pa WhatsApp, nanenso ndione.

Mupereke moni kwa amayi, alamu ndi onse kumudzi.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku London